Dzina Lomwe Linabwera pa Bwato

Mphepo ya kum'mawa ikayamba kuomba mwezi wa Meyi, kwathu kuno palibe amene amakhala m'nyumba. Ndi mphepo yozizira, yong'amba milomo, koma ndi yokhayo imene imaumitsa dambo. Ikafika, munthu amasiya zonse n'kusenza chitsulo chodulira dothi lamoto, dothi lakuda la m'dambo limene likauma limayaka ngati nkhuni. Pachilumba cha Lewis, ku Scotland, mitengo kulibe, ndipo amene sadula zidina zake mwezi umenewu alibe choti adzaothe m'chisanu cha mu Januwale. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Wina amaponda chitsulo pamwamba, wina amaima m'ngalande kulandira chidina chonyowa n'kuchiponya pamtunda kuti chiume. Mnzanga Torcuil analibe wachiwiri m'nyumba mwake. Wachiwiri wake ndinali ine, ndipo mkazi wanga atayamba kuvutika ndi msana, wachiwiri wanga anakhala iyeyo.

Anali munthu wamtali, wowerama pang'ono, wa manja aakulu ngati mafosholo. Ankaomba nsalu zaubweya m'kashedi kuseri kwa nyumba, ankaweta nkhosa zochepa, ndipo ankalima mbatatesi pamunda umene bambo ake anasiya. Nyumba yake inali yomalizira m'mudzi, kumtunda, ndipo inali yokhayo yopanda zenera loyang'ana kunyanja. M'chisanu, dzuwa likamalowa ana asanaweruke kusukulu, ukadutsa pamsewu unkamva makina ake akugogoda. Akasiya, unkadziwa kuti wapita kukadya mbatatesi ndi nsomba yamchere, ali chiimire pafupi ndi chitofu. M'mawa ndi madzulo ankawerenga salimo mokweza, monga bambo ake ankachitira nyumba ili yodzaza. Galu wake ndiye ankamvetsera.

Chaka chimene ndikunenachi mphepo inachedwa. Tinapita kudambo mwezi uli kumapeto. Iye anali pachitsulo, ine m'ngalande, matope mpaka m'mawondo.

"Wamva za Ishbel?" anandifunsa, osandiyang'ana.

Ishbel anali mwana wa mlongo wake, a Barabal. Anakwatiwa ndi Ruairidh, mnyamata wotchera nkhanu m'nyanja, ndipo nyumba yawo inali kumunsi, pafupi ndi doko.

"Kuti ndi woyembekezera? Mudzi wonse ukudziwa. Zomwe sizinamve ndi nkhosa zako zokha."

"Akuti Novembala."

"Ponda chitsulo, Mphika iwe. Ndikuzizidwa muno."

Anaponda. Chidina chinagwera m'manja mwanga, chakuda, choterera. Tinagwira ntchito kanthawi. Kenaka anati, "Ndikufuna kukapempha dzina."

Ndinaima nacho chidinacho osachiponya.

Kuno munthu sadziwika ndi dzina la m'mapepala. A MacLeod tilipo ambirimbiri, moti ukaitana MacLeod patchalitchi utembenuka mpingo wonse. Timatchula munthu, bambo ake, kenaka agogo ake. Iye anali Torcuil wa Iain wa Torcuil, ndipo okalamba ankatha kubwerera nazo m'mbuyo mpaka mpweya kuwathera, Iain, Torcuil, Iain, Torcuil. Mwana akabadwa timadzutsa dzina la wina wa m'banjamo. Ndipo munthu wopanda mwana, akaona kuti dzina lake litsikira naye kumanda, amaloledwa kupita pakhomo pa mayi woyembekezera wa mtundu wake, kuvula chipewa, n'kupempha kuti mwanayo adzatchedwe iyeyo. M'mudzi mwathu pempho limenelo silikanidwa. Akuti wokana amaitanira mwana tsoka. N'chifukwa chake anthu sapempha mwachisawawa, ndipo ambiri amafa osapempha.

M'mudzi monse, ndi m'midzi yoyandikana nafe, Torcuil anali atatsala yekha.

Za kumene dzinalo linachokera ndinabwera nazo ndine. Ndili mnyamata ndinakagwira ntchito pa sitima zopha anamgumi kumwera kwenikweni, kumadzi oundana, pamodzi ndi anthu a ku Norway. Wotiphikira dzina lake anali Torkel. Nditamuuza kuti kwathu ndinasiya mnzanga Torcuil, anaseka n'kundiwonjezera nyama m'mbale. Anati ndi dzina limodzi lomwelo. Theka loyamba ndi Thor, mulungu wa mabingu amene makolo awo ankapembedza asanamve za Khristu. Theka lachiwiri ndi mphika, mphika waukulu wophikira nyama ya nsembe. "Mphika wa Thor," anatero, akumenya mphika wake ndi chipande. Anati makolo awowo ankawoloka nyanja pa mabwato aatali zaka zoposa chikwi zapitazo, n'kufika pazilumba zathu, ena kudzalanda, ena kudzakhala. Anakwatira akazi akuno. Chiyankhulo chawo chinasungunukira m'chathu, koma mayina anatsala, a anthu, a mapiri, a midzi, ngakhale la mudzi wathu womwewu.

Nditabwerako, nkhaniyi ndiyo mphatso yokha imene ndinamutengera. Sabata yomweyo anyamata anayamba kumuitana Mphika, ndipo linamumatirira mpaka imvi. Mkulu wina wa mpingo anakwinya nkhope, akuti dzina la fano m'nyumba ya akhristu. Torcuil sanasamale. Ankandiuza kuti ndibwerezenso, makamaka pa mabwato aatali paja. Ankafunsa kuti anali aatali bwanji, opalasa ankakhala angati, ankagona pati, ngati kuti ine ndinalipo. Mayi ake, a Raonaid, anamvetsera kamodzi kokha, akukanda ufa patebulo. Anangoti, "Ndimadziwa kale kuti linachokera m'madzi."

Anali ndi chifukwa chawo. Apongozi awo, Torcuil wamkulu, anamira ndi bwato lawo pochokera kokaponya maukonde. Mng'ono wa amuna awo, nayenso Torcuil, anamira ndi sitima nthawi ya nkhondo yoyamba. Ndipo mwana wawo woyamba wamwamuna, Torcuil, atangodziwa kumene kuthamanga, anagwera m'thamanda la pakati pa matanthwe kugombe, madzi ake osapitirira m'mawondo mwa munthu wamkulu. Amene anamupeza ndi a Barabal, ali kamtsikana. Chaka chotsatira kunabadwa mwana wina wamwamuna, ndipo a Iain, potsata mwambo, anadzutsanso dzina lomwelo. A Raonaid sanakangane nawo. Anati, "Dzina mwapereka ndinu. Mwanayo ndisunga ndine."

Anamusungadi. Zenera la kunyanja analitseka ndi miyala. Anamanga mpanda kumunsi kwa munda. Ife tikamathamangira kudoko kukawedza tinsomba, Torcuil ankatsalira pampanda paja akutiyang'ana, ndipo tikabwera ankafuna kununkhiza manja athu. Titakula tonse tinapita, ena pa sitima zamalonda, ena kukapha nsomba. Iye anamugulira makina oombera nsalu. Ngakhale sitima yowolokera kumtunda waukulu wa Scotland sanaikwerepo. Kutali kwake kunali ku Stornoway, tauni ya pachilumba chomwechi, pa basi, ndipo kumeneko ankayenda mbali ya msewu yotalikirana ndi doko. Koma wailesi ikamalengeza za nyengo ya panyanja, ankaimitsa makina n'kumvetsera mpaka kumapeto, tsiku ndi tsiku, ngati munthu amene ali ndi bwato kunjako.

Panali mtsikana, Seonag, wa mudzi wa kuseri kwa phiri. Anayenda limodzi zilimwe zingapo. Abale ake a Seonag atamuitanira ku Canada, anamuuza Torcuil kuti apitire limodzi.

"Ndi sabata imodzi yokha pamadzi," anatero. "Ukatseke maso, ndidzakugwira dzanja."

"Amayi sangapirire."

"Amayi ako adzakhalapo mpaka iwe utakalamba."

Anali kunena zoona. Torcuil anamunyamulira sutikesi mpaka pokwerera basi, n'kubwerera kukadyetsa nkhosa.

A Raonaid atamwalira, tinkaganiza kuti tsopano atsikira kugombe. Ndinamuitana ndekha, tsiku lina nyanja ili bata ngati mkaka m'mbale. Anati, "Ndazolowera." Titakhala pang'ono anawonjezera kuti, "Wina ayenera kukalamba nalo dzinali. Likatero layera."

Amenewo ndiwo anali maganizo ake, ndipo sindikudziwa kuti anayamba liti kuwasunga. Ankaona kuti moyo wake wonse wapamtunda unali ntchito yotsuka dzina, kuti wodzalitenga pambuyo pake adzalipeze lopepuka.

Ndiye kudambo tsiku lija ndinaponya chidina chija, n'kupukuta manja pathalauza.

"Achemwali ako wawauza?"

"Ayi."

"Akakudya wamoyo."

"Ndikudziwa."

"Bwanji osadikira? Mwina aganiza okha."

"Ndadikira pa zidzukulu zonse za asuweni anga. Wina Kevin, wina Darren, wina sinditha n'kumutchula komwe. Mayina a pa wailesi yakanema okhaokha. Ishbel ndi womaliza wa magazi athu pachilumba pano. Akapanda iyeyu, basi." Anaika phazi pachitsulo. "Landira."

Zidina zitauma mbali imodzi, tinabwerera kukaziimika motsamirana kuti mphepo izipita pakati. Tsiku limenelo a Barabal anabwera ndi tiyi m'fulasiki ndi masikono okulunga m'kansalu. Anali aakulu kwa ife tonse, afupi, oyenda ndi ndodo, ndipo kudambo anali atasiya kalekale kubwera. Nditawaona akubwera poteropo ndinadziwa kuti nkhani yawafika. Mkazi wanga sasunga mawu.

Anatithirira tiyi n'kukhala pamwala.

"Iwe Torcuil, ndamva kuti wachapitsa suti."

"Inachita chuku, achemwali."

"Chukucho chaoneka lero, zaka zonsezi chinali kuti? Usapite kwa mwana wanga."

Torcuil anayang'ana m'kapu.

"Ukudziwa kuti sangakane. N'chifukwa chake ndikuuza iweyo, osati iyeyo. Mwamuna wake amadzukira m'madzi, amagona akununkha madzi. Mwanayo adzakulira padoko. Ndiye ukamuike dzina limenelo?"

"Ine ndili moyo, achemwali. Onani imvizi."

"Uli moyo, inde." Anamuyang'ana kuyambira kujombo mpaka kuchipewa. "Ndiye moyo wake umenewu."

Mphepo inkagwetsa zina mwa zidina zimene tinaimika.

"Mkulu wako uja sunamuone iwe," anatero a Barabal, mawu atatsika. "Ine ndinamuona. Anali atavala juzi imene unadzavala iwe."

"Likafa ndi ine, palibenso adzawatchule onse aja."

"Aleke agone."

Anataya tiyi wotsala pansi, anatseka fulasiki, n'kuimirira movutikira. Nditafuna kuwagwira mkono anandikankha ndi ndodo. "Iwenso, wa mabwato aatali, khala chete." Tinawayang'ana akubwerera, kachinthu kakang'ono kakuda m'dambo lonselo.

Torcuil anadikira mpaka zidina zitafika kunyumba, mwezi wa Julayi, mdima utafupika moti nkhuku zinkasowa nthawi yolowera m'khola. Lachinayi lina masana anagogoda kwathu atavala suti ya Lamulungu.

"Kwagwa maliro?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndabwera kudzabwereka amuna anu, alamu. Akangoima pambali basi."

"Zimenezo ndiye amatha."

Tinatsika limodzi. Kwa Ishbel ankafikako mwa apo ndi apo, ndipo akalowa ankasankha mpando wofulatira zenera. Tinapeza Ruairidh panja akusoka miono yake ya nkhanu.

"Amalume, mwatchena chonchi mukukafunsira ndani? Mayi wamasiye wa kusitolo uja?"

"Ameneyo ndakusungira iwe, mwana wathuyu akadzatopa nawe."

Ishbel anatuluka akupukuta manja, mimba itaonekera pansi pa epuloni. Anali mkazi wosekaseka, wa tsitsi lofiira ngati la agogo ake. Ataona suti, ataonanso ine, kuseka kunamuthera.

Torcuil anavula chipewa. Anaima kunja kwa chitseko monga mwambo unenera.

"Ishbel, mwana wa mlongo wanga, ndabwera kudzapempha dzina."

Ruairidh anaika singano pansi.

"Nanga akakhala mtsikana?" anatero, pofuna kupeputsa zinthu. "Torquilina? Adzatizenga mlandu akadzakula."

"Azakhali ako ndi a Murdina, dzina lachimuna lokhotetsedwa chomwecho, ndipo sanafe nalo," ndinatero ine.

Ishbel sanaseke. Anayang'ana kumtunda, kunyumba ya mayi ake, kenaka kunyanja, kenaka amalume akewo, amene anaimabe pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Mwalipeza, amalume," anatero. Amenewo ndiwo mawu oyankhira. "Lowani mumwe tiyi."

Pobwerera Torcuil ankakwera chitunda mothamanga moti ndinkatsalira.

Chilimwe chimenecho anali munthu wina. Ankaimba mluzu pometa nkhosa. Anapaka laimu nyumba yake, imene inali isanaone laimu chimwalirire mayi ake. Pomweta udzu mu Ogasiti, tizilombo toluma titatizinga kumaso, ankayankhula za mwanayo ngati wabadwa kale. Adzamuphunzitsa kuomba nsalu. Adzamusonyeza ngalande ya makolo kudambo. Adzamupatsa mwana wankhosa woyamba wa chaka chilichonse. "Ndipo udzamuuze za mabwato aatali aja. Iweyo umaifotokoza bwino, ngakhale theka lake ndi bodza."

A Barabal anasiya kumuyankhula. Kutchalitchi ankakhala pabenchi limodzi monga kale, koma pakati pawo pankatsala malo a munthu mmodzi.

Kumunsi zinthu zinkasintha mwakachetechete. Ishbel anakulira m'mabwato a anzake a bambo ake, ndipo ankapalasa bwino kuposa anyamata ambiri. Tsopano anayamba kuima pakhomo, dzanja lili pamphumi, Ruairidh akangochedwa pang'ono. Mu Sepitembala ndinakumana ndi Ruairidh pamsewu atasenza mitengo ya mpanda ndi mpukutu wa waya.

"Wagula nkhosa?"

"Nkhosa zake ziti, bambo. Akuti nditchinge kuyambira pakhomo mpaka pamatanthwe. Mwana sanabadwe, ndende yatha kale." Anaseka, koma anatula mitengoyo pansi n'kukhalapo. "Dzulo amandifunsa ngati kufakitale ya nsalu ku Stornoway sakulemba anthu. Ine, kufakitale."

"Amalume ake wawauza?"

"Ndiwauze chiyani? Mwawaona mmene akusangalalira."

Panalibe amene anamuuza. Mpandawo ukanaoneka bwinobwino kuchokera kunyumba kwake, kukanakhala zenera mbali imeneyo.

Atsekwe anabwera mu Okutobala, akulira m'mwamba kuchokera kumpoto, ndipo masamba a mbatatesi anada. Ikafika nthawi imeneyo umakumba chisanu chisanalowe m'nthaka. Tinayamba ndi munda wa Torcuil. Mitambo inali yotsika, mphepo ikununkha mvula. Iye ankatembenuza mizere ndi foloko, ine n'kumatolera m'ndowa n'kukathira padzenje losungira kumutu kwa munda.

Chakumasana Ishbel anakwera chitunda, pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

"Ukufuna kuchirira m'munda mwanga?" anatero Torcuil. "Khala apa." Anatembenuza ndowa n'kuyalapo thumba.

"Ndatopa ndi kukhala m'nyumba. Amayi akungondiyang'ana ngati mkaka uli pamoto."

Anakhala, akusankha mbatatesi zowola pamulu umene unali pafupi n'kumaziponya kutali. Anafunsa za nkhosa, anafunsa za nsalu. Kenaka anayang'ana mpanda wakale kumunsi kwa munda, mitengo yake itapendekeka, waya atachita dzimbiri.

"Amalume, ndikufunseni kanthu. Musakwiye."

"Funsa."

"Agogo ankakuuzani chiyani?"

"Za chiyani?"

"Kuti musapite kugombe. Ankanena mawu anji kuti inu mumvere? Ankakumenyani? Ankakuopsezani?" Ankayankhula mofatsa, ngati akufunsa kaphikidwe ka msuzi. "Mpanda wokha sukwanira, ndikudziwa. Mwana amakwera mpanda. Ndikufuna ndidziwe zoti ndizidzachita."

Torcuil anaima, foloko ili m'nthaka.

"Sankandimenya."

"Nanga?"

Atsekwe ena anadutsa, otsika, tikumva mapiko awo.

"Ankalira," anatero. "Ndikangoyang'ana kumunsi, ankakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Osanena kanthu."

Ishbel anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira malangizo. "Zimenezo ndingathe."

"Koma dzinali layera, Ishbel. Ndakhala nalo zaka zonsezi. Palibe chimene chachitika."

"Chifukwa simunapiteko, amalume." Sananene mokalipa. "Mukanapita n'kubwerako, bwenzi ndikugona tulo. Panopa chimene tikudziwa n'chakuti likakhala kumtunda silimira. Ndiye nayenso adzakhala kumtunda. Musadandaule, ndidzamusunga bwino. Adzakalamba ngati inuyo."

Torcuil anayang'ana nyumba yake, khoma lopanda zenera lija, loyera mbee ndi laimu watsopano. Anayang'ana manja ake. Kenaka anazula foloko, anaigoneka pansi, n'kuvula chipewa. Mphepo inaimika tsitsi lake lochepalo.

"Ishbel, mwana wa mlongo wanga, ndabwera kudzatenga dzina langa."

"Amalume, zimenezo sizichitika."

"Sizinachitikepo. Lero zachitika. Ndi langa, ndinalisiya pakhomo pako, ndalitenga. Sunakane iwe, ndalanda ndine. Tsoka likafuna munthu, nyumba yanga likuidziwa." Anatembenukira kwa ine. "Wamva, iwe? Unalipo popempha."

"Ndamva."

"Ukauze mkazi wako, kuti pofika madzulo mudzi wonse ukhale utadziwa."

Ishbel anagwira pakamwa. Ndinkaganiza kuti akana, ndipo ndikhulupirira kuti Torcuil naye ankadikira zomwezo, chifukwa anakhalabe chiimire, chipewa chili m'manja, nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Koma mapewa a Ishbel anatsika ngati a munthu amene watula katundu, ndipo tonse awiri tinaona.

"Tingaliike pakati," anatero. "Lachiwiri, la m'mapepala chabe."

"Palibe angamuitane nalo, koma iwe ungadziwebe kuti lilipo. Ayi." Anavala chipewa. "Ruairidh akazule mpanda uja. Mitengoyo abwere nayo kuno, wangawu wawola. Tsopano pita mvula isanayambe."

Anamuthirira mbatatesi m'thumba, zochepa zoti angathe kunyamula. Ishbel anamugwira mkono, anafuna kunena kanthu, koma iye anati, "Pita, mayi, pita." Tinamuyang'ana akutsika mpaka anakhota pa tchalitchi.

Mwanayo anabadwa mu Novembala, wamwamuna. Anamutcha Alasdair, dzina la bambo ake a Ruairidh, ndipo asanayambe sukulu anali akudziwa kale kumangirira bwato padoko. Torcuil ankamva kwa ife zimene mwanayo wagwira, n'kumafunsa kukula kwake kwa nsombazo. Anakhala zaka zina zingapo akuomba nsalu, n'kumwalira pabedi pake m'chisanu china. Pachilumba pano a Torcuil alipobe, kumidzi ina. M'mudzi mwathu mulibe.

Tsiku lokumba mbatatesi lija, Ishbel atapita, panali patatsala mizere ingapo. Torcuil anatola foloko. Tinakumba mpaka kumapeto, ndipo madontho oyamba anatipeza tikuthira ndowa yomaliza padzenje. Anaunjika mbatatesi bwinobwino, mulu wosongoka ngati denga, ine n'kumamupatsira udzu wouma. Anauyala wokhuthala mbali zonse, anakwirira ndi dothi, n'kumenyamenya ndi kumbuyo kwa fosholo mpaka posalala kuti madzi azitsetsereka. Pamwamba anasiya kabowo kopumira n'kutsekapo ndi kamtolo ka udzu. Anazungulira dzenjelo, anaponda pamene panali pofewa, kenaka anapukuta fosholo ndi udzu n'kukaiimika m'shedi.